Magemu a nkhondo ya zombo mumlengalenga tisawaike m'dengu limodzi ndi juga

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndinenepo nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima. Nkhani ya magemu a pakompyuta ikangobwera, kaya m'nyuzipepala, pawailesi kapena pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, imaponyedwa m'dengu limodzi ndi kubetcha, n'kugamula kuti zonsezo n'zopha tsogolo la ana. Za kubetcha sinditsutsa ngakhale pang'ono. Ndaona ndi maso angawa anyamata akudya fizi polosera zigoli za mpira wa ku England. Koma ine ndine mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo pali mtundu wina wa magemu womwe ndausewera kwa zaka pafupifupi 20. Zimandiwawa ukamaweruzidwa ndi anthu omwe sanauonepo.

Ndikunena magemu omwe wosewera amalamulira gulu la zombo zankhondo mumlengalenga, uku akusonkhanitsa chuma chomangira zombozo. Osewera amawaika m'gulu la magemu lotchedwa RTS, chidule cha mawu a Chingerezi oti real-time strategy, kutanthauza magemu a nzeru za nkhondo omwe onse amasewera nthawi imodzi. Amene amadziwa bawo amva msanga. Pa bawo pamafunika kuwerenga nkhomo mumtima, kuona patali, ndi kudziwa nthawi yodya ndi yotakata. Koma pa bawo mumadikirana: mnzako akamasewera iwe manja ali pamwendo. Mu RTS mulibe kudikirana. Pamene ukuganiza, mdani wako akukumba miyala, akumanga zombo, mwina wanyamuka kale kubwera kwanu. Ganizo labwino likachedwa limasanduka loipa.

Gemu yomwe inandikopa ine ndi Homeworld. Inatuluka mu 1999, yopangidwa ndi kampani ya Relic Entertainment ya mumzinda wa Vancouver ku Canada. Ndinaiona koyamba ndili ku koleji, pa kompyuta ya mnzanga wa chipinda chimodzi. Magemu ankhondo a nthawi imeneyo ankaseweredwa ngati pamphasa, kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere. Homeworld inawonjeza kumwamba ndi pansi. Mdani ankatha kukudzera kumutu kapena kunsi kwa mapazi, iwe maso ali kutsogolo.

Nkhani yake ndi ya mtundu wa anthu otchedwa Kushan, okhala padziko lachipululu la Kharak. Tsiku lina anapeza chombo chakalekale chokwiririka mumchenga, ndipo m'kati mwake munali mwala wojambulidwa mapu olozera kwawo kwenikweni, dziko la Hiigara. Anatha zaka 60 akumanga chombo chachikulu, manthu wa zombo zonse, choti chinyamule anthu 600,000 ogonekedwa m'madzi oundana. Atangochoka pang'ono kukachiyesa, pobwerera anapeza Kharak yense ali lawilawi, wotenthedwa ndi ufumu wa Taiidan. Ntchito yako pamenepo ndi kupulumutsa mabokosi 6 oyandama, lililonse la anthu 100,000, adani asanawaswe. Ndimakumbukira kuti m'chipinda muja munangoti zii. Kuyambira apo ulendo wonse ndi wa anthu othawa kwawo omwe alibenso kobwerera.

Chomwe ndikufuna owerenga amve ndi ichi. Munthu woyamba kumene kusewera amakopeka ndi zombo zikuluzikulu za mizinga. Koma mwini nkhondo yonse ndi kachombo konyozeka, kopanda mfuti ndi imodzi yomwe, komwe ntchito yake n'kupita ku miyala yoyandama, kukumba, n'kubwera nazo kwa manthu. Popanda iko sumanga kanthu. Ine ndinaphunzira izi mowawa. Ndinatumiza gulu langa lonse kukathamangitsa adani, tizombo tokumba n'kutisiya topanda mlonda. Nkhondoyo ndinapambana, koma pobwerera ndinapeza okumba onse aphedwa, nkhokwe ili pululu. Ndipo mu Homeworld zomwe watsala nazo pothera gawo limodzi ndi zomwe umayamba nazo gawo lotsatira. Palibe amene amakupatsa zatsopano. Kusasamala kwa Lachiwiri umakulipira Lachisanu. Ndinakakamira magawo awiri ndi zombo zochepa, mpaka ndinavomera kubwerera m'mbuyo kukakonza pomwe ndinalakwitsa.

Mulinso tizombo tina tomwe ntchito yake n'kugwira chombo cha mdani n'kuchikokera kwanu kuti chikhale chako. Osewera odekha amafika kumapeto ndi gulu lalikulu lomwe mbali yaikulu sanamange okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gemuyi imamulipira wodekhayo.

StarCraft, ya kampani ya Blizzard ya ku America, inatuluka mu 1998. Nkhondo zake zambiri zimachitikira pansi pa mapulaneti, zombo zimabwera mochedwa chifukwa n'zodula. Koma phunziro la chuma limaoneka poyera kuposa kwina kulikonse. Umayamba ndi antchito 4 ndi miyala 50. Wantchito mmodzi mtengo wake ndi miyala 50, ndipo ulendo uliwonse amabweretsa 8. Ukasankha mtundu wa Terran, umodzi mwa mitundu yomenyana mugemuyi, msilikali wamba nayenso mtengo wake ndi 50. Ndiye funso limakhala pamaso pako mphindi iliyonse: 50 yomwe ili m'manjayi ndigule wantchito kapena msilikali? Wantchito akayenda maulendo 7 wabweza mtengo wake, kuchokera apo zonse ndi phindu, lomwe ligule antchito ena. Koma ukachulukitsa antchito osagula asilikali, mdani wobwera msanga ndi asilikali 6 okha amakuthera zonse. Ukachulukitsa asilikali, pakadutsa mphindi 10 mnzako walemera kawiri kuposa iwe. Chombo chankhondo chachikulu cha Terran chimafuna miyala 400 ndi gasi 300 (chuma chachiwiri cha mugemuyi), ndipo amene anadya mbewu poyamba sachionanso. Mlimi aliyense amene anaimapo pa thumba lomaliza la chimanga mu Novembala, n'kumaganiza zoti apite nalo kuchigayo kapena asungeko chodzala, funso limeneli amalidziwa. Ine ndimaphunzitsa chiwongoladzanja chobereka chinzake pabolodi, ana n'kumangolemba. Mwana amene wagonjapo katatu chifukwa anachedwa kuwonjeza antchito safunanso kumufotokozera kawiri.

Ina ndi Sins of a Solar Empire ya mu 2008, yopangidwa ndi Ironclad Games, nayonso ya ku Canada, n'kufalitsidwa ndi Stardock. Iyi ndi yaikulu, ya mapulaneti ambirimbiri olumikizidwa ndi njira zomwe zombo zimadutsamo. Chuma chake n'cha mitundu itatu: ndalama zochokera ku msonkho ndi malonda, chitsulo, ndi miyala yonyezimira. Muli msika komwe ungagulitse chomwe chakuchulukira n'kugula chomwe chakusowa, ndipo mtengo umakwera ukamagula kwambiri. Mulinso achifwamba omwe amaukira amene pamutu pake paikidwa ndalama zambiri. Koma lamulo lomwe ndimalilemekeza ndi lokhudza kukula kwa gulu lankhondo. Ukafuna chilolezo chokhala ndi zombo zambiri, gemu imayamba kudula gawo la chuma chonse chomwe chimalowa, ndipo ukakwezanso imadulanso kwambiri. Chowawa n'chakuti zombozo zikaphedwa, kudulako sikutha. Umatsala wopanda gulu, koma ukulipirabe ngati uli nalo. Walira mvula walira matope. Sindikudziwa buku la sekondale lomwe limamuonetsa mwana momveka chonchi kuti chinthu sichithera pa mtengo wogulira, chimafunanso kuchidyetsa.

Ndiloleni ndinene za mwana wa achemwali anga, yemwe ali Folomu 3 ndipo amakhala kwathu. Patchuthi ndinamulola kusewera pa laputopu yanga yakale. Tsiku lina anabwera nkhope ili gwaa. "Amalume, ine ndamanga zombo zambiri kuposa iwo, nanga bwanji zanga zikungotha?" Nditaonerera ndinapeza vuto. Chombo chilichonse chikangotuluka mufakitale ankachitumiza chokha kunkhondo. Zinkafika chimodzichimodzi ngati anthu opita kudambwe, n'kumaphedwa chimodzichimodzi.

Ndinatenga pepala. Mu 1916 injiniya wa ku Britain, Frederick Lanchester, analemba masamu osonyeza kuti pamene magulu awiri a zida zofanana akuomberana patali, aliyense n'kutha kulasa aliyense, mphamvu ya gulu siyenda ndi chiwerengero chake chabe. Imayenda ndi chiwerengerocho chitachulukitsidwa ndi icho chomwe. Zombo 10 si kawiri kuposa zombo 5. Ndi 100 poyerekeza ndi 25, ndiye kuti kanayi. Ndinamupatsa samu. Iwe uli ndi zombo 8, mdani ali ndi 10. Mukakumana zonse pamodzi, 100 kuchotsa 64 kutsala 36, ndiye kuti iwe watheratu, mdani watsala ndi zombo 6. Tsopano mdani yemweyo agawe zake pawiri, 5 zibwere poyamba, 5 pambuyo. Kuchotsa 25 pa 64 kutsala 39, kuchotsanso 25 kutsala 14. Nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 14 ili pakati pa 3 ndi 4. Zombo 8 zagonjetsa 10, n'kutsalako zitatu zamoyo.

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ine ndimadzigawa ndekha." Mawa lake ndinamupeza akuyesa manambala ena kuseri kwa kope, popanda womutuma. Masamu a Lanchester sakwanira ndendende mugemu, chifukwa zombo zimasiyana mphamvu ndiponso kutalika komwe zimalasa, ndipo izi anazizindikira yekha n'kubwera kudzanditsutsa nazo. Kwa mphunzitsi, tsiku lomwe mwana wabwera kudzakutsutsa ndi manambala ndi tsiku lachikondwerero.

Sindikunena kuti mulibe choopsa. Gemu imodzi ya Sins of a Solar Empire ikhoza kudya maola 5 kapena kuposa, ndipo mwana womusiya yekha akhoza kuchezera nayo usiku wonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kumwerekera ndi magemu pa mndandanda wake wa matenda, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022. Ku South Korea, komwe StarCraft inafika pokhala ndi matimu olipidwa ndi mipikisano yoonetsedwa pa TV, boma linakhazikitsa lamulo mu 2011 loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Linathetsedwa mu 2021, udindo n'kubwerera kwa makolo. Kwathu lamulo ndi lakuti laputopu imatsegulidwa Loweruka masana, homuweki itatha ndiponso madzi atatungidwa, ndipo imagona kuchipinda kwanga. Palinso vuto la chilankhulo, poti magemuwa mulibe Chichewa, ngakhale ndaona kuti mwana wofuna kupambana amatsegula dikishonale popanda kumukakamiza.

Koma taonani kusiyana kwake ndi zomwe zili m'mafoni a ana athu. Magemu ambiri a pafoni amati ndi aulere, kenako amakuimitsa kuti udikire maola angapo kapena ulipire, uku zotsatsa malonda zikumwa bandulo. Ena amagulitsa mabokosi omwe sudziwa chili m'kati mpaka utalipira, ndipo amenewo ndi achibale enieni a juga. Magemu omwe ndatchulawa ukakhala nawo wakhala nawo. Mulibe pomwe ndalama ya m'thumba ingakugulire chipambano. Ukagonja, wagonja chifukwa unawerenga molakwa, ndipo ukhoza kubwerera n'kuloza pomwe panalakwika.

Kuwapeza kuno si kophweka, n'zoona. Ambiri amagulitsidwa m'madola pa misika ya magemu ya pa intaneti monga Steam kapena GOG, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Makope akuba omwe amayenda pa mafulashi nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi. Komabe StarCraft yoyamba ija Blizzard inaimasula kukhala yaulere mu 2017, ndipo StarCraft II nayo mbali yake yaikulu inakhala yaulere chaka chomwecho. Ya mu 1998 inapangidwira makompyuta a memory ya 16 MB, choncho sifuna makina amphamvu, ndipo anthu mpaka 8 akhoza kupikisana pa makompyuta olumikizidwa ndi mawaya m'chipinda chimodzi.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti atolankhani anu akamalemba za magemu azitchula dzina la gemu yomwe akunena, azinena mmene imatengera ndalama kwa wosewera, ndiponso chomwe mwana amachita m'mutu mwake akamaisewera. Kholo lomwe lili ku Ntcheu kapena ku Mzimba, lomwe mwana wake wapempha kusewera, likufunika kudziwa zimenezo kuti lisankhe bwino, m'malo mongouzidwa kuti zonse n'zoipa. Ine teremu ikubwerayi ndikapempha ahedi kuti andilole kugwiritsa ntchito chipinda cha makompyuta Lachisanu tikaweruka, ola limodzi ndi theka, ana 8 pa nthawi. Aliyense wolowa azibwera ndi kope, ndipo asanatuluke azilemba kuti anali ndi antchito angati pa mphindi ya 5, anamanga chiyani, ndipo gulu lake linathera pati.

Mphunzitsi wa masamu,
Zomba