Ana ofedwa akusowa owatsata tenti ikachotsedwa pa siwa

Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ine ndi amayi anzanga a mu mpingo takhala tikusonkhanitsa ana ofedwa Loweruka masana kuno ku Mtendere. Ndalemba kalatayi kuti ndipemphe chinthu chimodzi, chakuti magulu onse otonthoza ana ofedwa muno mu Lusaka adziwane, ndipo m'komboni iliyonse mukhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ikhale yolumikiza maguluwo ndi kutsata mwana kulikonse kumene wasamutsidwira.

Maliro athu amasamala akuluakulu bwino ndithu, ndipo sindikuwanyoza. Uthenga ukangomveka, mipando imatulutsidwa m'nyumba, tenti imadzutsidwa, amayi amagona m'nyumba ndi namfedwa, abambo amachezera pamoto panja, a Chigwirizano, a Dorika ndi a m'miphakati amaimba usiku wonse, ndipo mbale ya chipepeso imayenda. Koma taonani kumene ana amakhala masiku amenewo. Amatumizidwa kwa anansi kuti asasokoneze, kapena amatumidwa kukatunga madzi, ndipo tsiku loika maliro ambiri a iwo amatsala pakhomo pamene magalimoto akupita ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Mtsikana wina wa zaka 9 amene anabwera m'gulu lathu anauzidwa kuti amayi ake apita ku Chipata kukagula mtedza. Kwa miyezi iwiri ankakhala pa njerwa pafupi ndi geti madzulo aliwonse, atanyamula chitenje cha amayi akewo, kuyang'ana aliyense wotsika minibasi, mpaka mnzake wa pasukulu anamuuza zoona pamene ankakangana. Agogo ake, amene ananena bodzalo chifukwa cha chifundo, anandiuza kuti chimene chinawawawa kwambiri n'chakuti mwanayo anasiya kukhulupirira chilichonse chimene iwo ankanena, ngakhale atamuuza kuti nsima yapsa.

Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unakulitsa vutoli. Mu Januwale 2024 odwala ankatengeredwa ku Heroes Stadium, abale ankadikira kunja kwa bwaloli kuti amve za odwala awo, ndipo omwalira ankaikidwa mofulumira popanda mwambo wonse umene tinazolowera. Sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi analandira ana amene anataya kholo koma sanaone bokosi, sanaone manda, ndipo panalibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera.

Zimene timachita m'gulu lathu si zapamwamba ayi. Timakhala pa mphasa, ana aang'ono paokha ndi okulirapo paokha, chifukwa mwana wa zaka 6 amafunsa kuti atate akudya chiyani kumandako pamene wa zaka 14 amafuna kudziwa ngati imfayo inabwera chifukwa iye anachedwa kuitana galimoto. Amajambula, amabweretsa kanthu ka malemu monga chipewa kapena chithunzi n'kufotokoza mbiri yake, ndipo amene sakufuna kulankhula sitimukakamiza. Timatchula mawu akuti "anamwalira" mosazungulira, popeza mawu athu aulemu akuti "atisiya" kapena "atsogola" mwana amawamva monga mmene alili, n'kumadikira kuti munthuyo abwerera. Chinthu chimene tinachiphunzira mochedwa n'chakuti kusonkhanitsa ana okha n'kosakwanira. Mwana akhoza kulira momasuka pa mphasa, koma akafika kunyumba n'kupeza azakhali akumuuza kuti asatchulenso dzina la malemu, zonse zija zimafafanizika. Choncho tsopano olera anawo, amene ambiri ndi agogo aakazi ndi amayi amasiye amene nawonso akulira, amakhala ndi bwalo lawo pa nthawi yomweyo, kuseri kwa tchalitchi.

Apa ndiye pali vuto limene landilembetsa kalatayi. Mwana wofedwa mu Lusaka sakhala malo amodzi. Maliro akatha, achibale amakhala pansi kugawana zovala za malemu, ndipo nthawi yomweyo amagawananso ana: wamkulu kwa amalume ku Matero, wachiwiri kwa azakhali ku Kanyama, wamng'ono akwere basi pa Intercity ndi agogo kupita ku Katete kapena ku Chadiza. Nyumba yalendi imabwezedwa kwa mwini wake mwezi usanathe. Motero mwana amene wataya kholo amatayanso abale ake, sukulu yake ndi anzake m'masabata ochepa, ndipo gulu limene linayamba kumuthandiza limangoona kuti malo ake pa mphasa ali opanda munthu. Mnyamata wina amene anali atangoyamba kutsegula pakamwa pambuyo pa masabata asanu osalankhula anasowa chotero. Tinamva kuti ali ku Kanyama, koma Kanyama ndi yaikulu, ndipo ngakhale ndikudziwa kuti kumeneko kuli anthu ochita ntchito yonga yathuyi, ndinalibe dzina kapena nambala ya foni ya ngakhale mmodzi woti ndimupatsire mwanayo.

Pamene ena akusowa chotero, ena akuitanidwa kawiri. Zinachitikapo kuti gulu lathu ndi bungwe lina tinaitana ana amodzimodzi Loweruka limodzi, ndipo anawo anapita kumene kunali zakumwa ndi malaya aulere, zomwe sindingawadzudzule nazo. Patapita miyezi ingapo ndalama za bungwelo zinatha, ogwira ntchito ake anachoka osatsanzika, ndipo kope limene munali maina a anawo linapita nawo.

Wolumikiza amene ndikumupempha safunika ofesi kapena galimoto. Akufunika kope, foni yokhala ndi mayunitsi, ndi kudziwika kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kwa aphunzitsi a uphungu amene ali kale m'sukulu zathu, kwa anamwino a pa kiliniki, ndi kwa makomiti a m'madera othandiza ovutika, otchedwa CWAC, amene amagwira ntchito pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu, omwe amadziwa kale makomo ovutika. Maliro akachitika pakhomo pamene pali ana, iye azidziwitsidwa, azipita patatha sabata ziwiri kapena zitatu pamene anthu abalalika, ndipo akamva kuti mwana akusamutsidwa, apemphe chilolezo kwa omulera kuti adziwitse mnzake wa komboni inayo. Ndikunenetsa za chilolezo chifukwa m'kope lotere mumalowa zinsinsi za mabanja, monga matenda amene kholo linamwalira nawo, ndipo kope likayamba kuwerengedwa ndi aliyense, mabanja adzatseka zitseko ndipo adzakhala akulondola.

Wolumikizayo ayeneranso kudziwa pamene mphamvu za gulu zathera. Ife ndife amayi odzipereka chabe, si madokotala. Mwana akasiya kudya, akayamba kudzivulaza kapena kunena kuti akufuna kutsatira malemu, afunika kuonedwa ku kiliniki ndipo mwina kutumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama, ndipo nambala za foni zaulere zopempherapo thandizo za 116 ya ana ndi 933 ya akuluakulu ziyenera kulembedwa pachikuto cha kope lililonse. Kawirikawiri chimene chikumulepheretsa mwana kugona ndi kuona achibale akutulutsa bedi ndi firiji m'nyumba. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20, makolo a malemu 20 ndi ena odalira malemu 10, koma amayi amasiye ambiri amene timakhala nawo kuseri kwa tchalitchi amalimva koyamba kwa ife, katundu atapita kale. Pamenepo kutonthoza kwenikweni ndi kuwaperekeza ku Victim Support Unit ya apolisi.

Akuluakulu ena andiuzapo kuti tikutosa chilonda, kuti mwana amaiwala msanga akasiyidwa. Ndaphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo ana amene anasiyidwa kuti aiwale ndinkawazindikira m'kalasi: uyu wayamba kumenya anzake, uyo akugona pa desiki, wina amene ankakhoza masamu walephera mwadzidzidzi, ndipo ife aphunzitsi tinkawakalipira osadziwa kuti kwawo kunagwa maliro. Ndimachita manyazi ndikakumbukira ena a iwo.

Lamulo la ana la 2022 linaika ubwino wa mwana patsogolo pa zonse zomukhudza, choncho ndikupempha a ofesi ya chisamaliro cha anthu m'boma la Lusaka kuti aitanitse msonkhano umodzi wa onse oyendetsa magulu otere, kuti tilembe maina, masiku okumana ndi manambala a foni pa pepala limodzi, ndipo pepalalo lifike m'sukulu ndi m'makiliniki. Ngati pali wowerenga wa ku Kanyama amene amasonkhanitsa ana ofedwa, ndikumupempha alembere nyuzipepala ino kuti a mkonzi atilumikize, chifukwa ndikufuna kumufunsa za mnyamata uja, ndipo chithunzi cha atate ake chimene anajambula chikadali m'chikwama changa.

Mphunzitsi wopuma,
Mtendere, Lusaka