Ndayesa ditekita yanga mu sinowo kuno ku Scotland, ndipo ndili ndi pempho

A Mkonzi,

Ndine Mmalawi wokhala ku Scotland, chaka chino ndi chachisanu, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi mzinda wa Perth. Nyuzi yanu ndimawerenga pa foni ndikaweruka. Chandilembetsa ndi nkhani ya makina aja ofufuzira zitsulo pansi, ma ditekita, amene kumudzi atchuka chifukwa cha golide. Mng'ono wanga sabata siyitha osandiyimbira pa WhatsApp kuti achimwene tanditumizireni ditekita anzanga akulemera ine ndili pompano, ndiye ndati ndifotokoze zomwe ndaona ndi maso anga nditagula yanga, mwina zithandiza iyeyo ndi ena omwe akuganiza zomwezo.

Ine yanga ndinagula mu December pa selo ya Khrisimasi. Amene anandikopa ndi mnzanga wa kuntchito, bambo wachikulire wa konkuno amene ali mu kalabu ya anthu a ma ditekita, chifukwatu kuno ndi masewera ngati momwe ena amakondera kuwedza, Loweruka amasonkhana nkumayenda m'minda. Katoni itafika kunja kunali kutayera mbee ndi sinowo, mnzangayo anati dikira mpaka March nthaka ifewe koma mtima unakana, chinthu chatsopano chili pakona pa chipinda ukungochiyang'ana masabata khumi zinandikanika.

Choyamba chinali chilolezo. Kuno lamulo limalola munthu kuyenda pansi pafupifupi paliponse ngakhale pamalo a eni, koma ufulu umenewo sufika pokumba ayi, ukafuna kuyenda ndi ditekita uyenera kupempha mwini malo. Palinso malo akale otetezedwa amene ngakhale mwini famu atavomera sungayese popanda chilolezo cha bungwe loteteza malo akale la Historic Environment Scotland, ukapezeka ndi mlandu. Mwayi wanga unali woti pali mlimi wina amene mayi ake ndinawasamalira mpaka tsiku lawo lomaliza, nditamupempha sanavute, anangoti chilichonse chomwe upeze undionetse, maenje ukwirire, geti utseke nkhosa zingatuluke.

Ndinapita Loweruka lina mu January. Nyengo imeneyi kuno kumacha cha m'ma 9 koloko ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo mdima wagwa kale ndiye tsiku ndi lalifupi zedi. Pa galimoto pankaonetsa madigiri -4. Amene munagonako ku Dedza kapena ku Nyika mu June mukudziwa kuzizira, koma uku ndi kwina, mpweya ukamalowa m'mphuno umachita kuwawa. Ndinavala majuzi awiri, jekete, masokosi awiri mu majombo, magolovesi, chipewa, mahedifoni pamwamba pa chipewacho. Sinowo inali yofika mu akakolo, ndinganene masentimita 10, ndipo munda wonse unali zii, ukungomva mapazi ako kuti phwa phwa ndi akhwangwala patali.

Kwa amene sanawagwirepo makinawa, kumunsi kuli chinthu chozungulira ngati mbale, mkati mwake muli mawaya okulungidwa. Waya wina amatumiza mphamvu ya maginito pansi, ikakumana ndi chitsulo chitsulocho chimayankha, waya winayo nkumva kuyankhako ndiye makina amalira m'makutu ndi kuonetsa nambala pa sikirini. Chitsulo wamba ngati msomali chimapereka nambala yotsika ndi kulira kwa besi, kopa ndi siliva nambala yokwera ndi kulira kosalala. Sinowo payokha siyitchinga kanthu, ndinayesa kuponya kobiri nkuyikwirira ndi sinowo makina analira bwinobwino. Vuto ndi mtunda. Makina ngati angawa kobiri amayimva mwina mpaka kuya kwa chikhatho ndi theka basi, ndiye ngati sinowo yadya kale masentimita 10 pansi penipeni ukungopala pamwamba. Nditazindikira zimenezo ndinayamba kumakankha sinowo ndi jombo kaye kenako nkumayendetsa mbale ija pafupi ndi udzu, ntchito yotopetsa koma kulira kunayamba kumveka kwambiri.

Kukumba ndiye kunali nkhondo. Pamtunda pomwe mphepo inasesa sinowo nthaka inali gwa ngati konkire, fosholo imangodumpha mpaka mkono kuchita dzanzi. Koma m'mbali mwa mpanda wa miyala pomwe sinowo inaunjikana kwambiri, pansi pake panali pofewa ndithu, fosholo imalowa. Zinandidabwitsa, ine ndimaganiza kuti pomwe pali sinowo yambiri mpomwe paume kwambiri, kumeneko nkuti sinowoyo imafunditsa nthaka ngati bulangete chisanu osalowa. Kuyambira pamenepo ndinangotsata mpandawo.

China ndi mabatire. Kuzizira kumawadya msanga, pasanathe maola awiri chizindikiro chinali chitatsika, manambala pa sikirini akusintha mochedwa ngati makina ali ndi tulo. Mnzanga uja anali atandiuza kuti ena ndisunge m'thumba la mkati pafupi ndi thupi kuti azitenthedwa, zinathandiza. Komanso sinowo imakakamira kunsi kwa mbale nkuuma, makina nkuyamba kulira paliponse popanda chifukwa mpaka uime uchotse.

Zomwe ndinapeza maola atatu oyamba, a Mkonzi, ndi misomali, zidutswa za waya wa mpanda, chitsulo cha ku phazi la hatchi, zotsalira za makatiriji a alenje ndi timphete totsegulira zitini ta aluminiyamu tosawerengeka. Timphete timeneti ndi tomwe ndikufuna mng'ono wanga amve, chifukwa pa makina timalira pafupifupi mofanana ndi mphete ya golide. Makina sadziwa golide, amangoyerekeza, amene amakuuzani kuti awa akalira ndiye kuti ndi golide basi akukunamizani.

Cha m'ma 1 koloko zala zitasiya kumva ndili pafupi kubwerera ku galimoto kunabwera kulira kwina koyera, nambala yosasuntha ngakhale ndiyendetse mbale mbali iyi kapena iyo. Ndinadula kadothi kozungulira nkukatembenuza, mkati muli kandalama kobiriwira. Nditapukuta ndi chala ndinaona mutu wa mfumukazi Victoria, kumbuyo chaka 1876. Ndinakhala pansi pa sinowo pomwepo. Chaka chimenecho ndi chomwe amishoni a mpingo wa Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission kwathu, nkuyitcha dzina la mudzi womwe David Livingstone anabadwira konkuno. Ndinaganiza kuti munthu amene anataya peni imeneyi mwina anali wantchito wa pa famu, mwina Lamulungu lina anamva m'tchalitchi akulengeza chopereka cha mishoni ya ku nyanja ya Nyasa, ndiye patatha zaka pafupifupi 150 mwana wa ku Nyasako ndi amene akuyitola. Pa msika peni yotereyi ilibe mtengo, zinapangidwa zambirimbiri, koma ine misozi inalengeza.

Mamita ochepa kuchoka pamenepo ndinapezanso kanthu ka mtovu, kozungulira kolemera kobowoka pakati, kokhala ndi timadontho m'mbali. Ndinajambula nkutumizira mnzanga uja foni isanazime ndi kuzizira. Anayimba nthawi yomweyo nkuti usakatsuke, usakapale, tenga malo enieniwo pa GPS ya foni, kamaoneka ngati kolemeretsa kamtengo kopotera ulusi ka akazi akale, kameneko nkokanena ku boma. Kuno ku Scotland lamulo lake ndi lakuti chinthu chakale chopanda mwini ndi cha Crown, kutanthauza boma, kaya ndi cha golide kaya ndi cha mtovu kaya mwala, ndipo umakanena ku ofesi yoona za zinthu zotere ya Treasure Trove Unit yomwe ili ku National Museums Scotland ku Edinburgh. Akachiona amasankha, ngati nchofunika chimapita ku museum iwe nkupatsidwa mphotho, ngati ayi amakubwezera ndi kalata. Ku England ndi Wales kuli lamulo lina la Treasure Act la 1996 lomwe limapereka masiku 14 kuti unene ukapeza chuma chakale. Ine ndinadzaza fomu Lolemba lake, ndinamuonetsanso mlimi uja monga tinapanganirana.

Ndipo mphothoyo siyabodza. Mu 2014 Derek McLennan anapeza ndi ditekita chuma cha nthawi ya ma Viking, ankhondo akale a panyanja, ku Galloway kumwera kwa Scotland, siliva, golide, mtanda, ndipo mu 2017 National Museums Scotland inasonkhanitsa mapaundi 1.98 miliyoni kuti imulipe ndipo chumacho chikhale cha dziko. Mu 2009 Terry Herbert anapeza golide wa ma Anglo-Saxon, anthu akale a ku England, m'munda wina ku Staffordshire m'dzikomo, mtengo wake unaikidwa pa mapaundi 3.285 miliyoni nkugawana ndi mwini munda. Koma anthu awiri amene anapeza chuma kufupi ndi Leominster ku England mu 2015 nkubisa kuti agulitse mwamseri anamangidwa mu 2019, ndipo zambiri mwa ndalama zakale zomwe anapezazo zinasowa mpaka lero. Ndiye munthu wa kuno amadziwa kuti ndikanena ndipindula, ndikabisa ndikalowa.

Apa mpomwe mtima wanga ukuwawa ndikaganiza za kwathu. Ma ditekita alowa kale ku Malawi, ku Makanjira ku Mangochi ndi madera ena komwe kwamveka golide anthu akuyenda nawo, ndipo sindikuwadzudzula chifukwa umphawi ndikuudziwa, ndinakulira momwemo. Koma makinawa samva golide yekha. Amvanso makasu akale, mikondo, zibangili za kopa, zipolopolo. Ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la a Kalonga a Maravi, Dr Yusuf Juwayeyi atakumba mwa ukatswiri anapeza zinthu za kopa, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni woti makolo athu ankachita malonda ndi maiko akutali ulamuliro wa atsamunda usanabwere. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo ndi ma German mu September 1914, pansi pamenepo pali mbiri. Mnyamata wofuna golide akapeza chibangili chotere lero achita nacho chiyani? Achigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa kilo, kapena kwa mlendo wodutsa pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga, ndipo ngakhale chitadzapezeka palibe adzadziwe pomwe chinachokera, pamene akatswiri amati malo omwe chinthu chagona ndi omwe amafotokoza nkhani yake.

Lamulo tili nalo, Monuments and Relics Act, ndipo dipatimenti yoona za ma museum ndi zipilala ilipo. Koma tafunsani ku mudzi kulikonse kuti ukapeza chinthu chakale umakanena kuti, muona anthu akuyang'anana. Ambiri amaopa kuti ndikanena andilanda, mwinanso anditsekera. Pempho langa kudzera mu nyuzi yanu ndi loti dipatimentiyi itulutse nambala ya WhatsApp yoti munthu atumize chithunzi ndi malo, ilengezedwe pa ma wailesi a m'madera m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi zinenero zina, mafumu auzidwe, ndipo wopeza azilandira kenakake ngakhale kochepa pamodzi ndi kalata yomuthokoza. Ngati boma linatha kukonza njira yoti Reserve Bank izigula golide kwa okumba ang'onoang'ono kuyambira 2021, izinso zingatheke. Atolankhani anu atapita kukafunsa akuluakulu a dipatimentiyi kuti pa chaka amalandira malipoti angati kuchokera kwa anthu wamba, ndingakonde kuwerenga yankho lake.

Kwa achinyamata amene mukugulitsa mbuzi ndi njinga kuti mugule makinawa, chonde funsani kaye. Anga ndi a makobiri ndi zinthu zakale, timibulu ta golide tating'ono timafuna makina ena odula kwambiri, komanso dothi lathu lofiira la katondo lili ndi chitsulo chambiri mwachilengedwe moti makina otchipa amangolira paliponse. Ma feki nawonso ndi ambiri, kunja amaoneka ngati enieni ndi dzina la kampani lomwe. Ndipo maenje kwirirani abale, mlimi wa kuno anandiuza kuti nkhosa ikathyoka mwendo m'dzenje langa ndisadzabwerenso, nanga kwathu komwe m'maenjemo mumagwa ana nthawi ya dzinja?

Mng'ono wanga ndamuyankha kuti ditekita iyi sinditumiza chifukwa siyimuthandiza pa zomwe akufuna, ndamutumizira ya feteleza m'malo mwake, wakwiya pang'ono koma tilankhulana. Peni ija ili pa shelefu pafupi ndi chithunzi cha amayi, kamtovu kaja kali mu kapepala ka pulasitiki ndi dothi lake lomwe ndikudikira yankho la ku Edinburgh. Mlimi uja wati sinowo ikasungunuka ndikayesenso munda wa kumunsi kufupi ndi mtsinje, komwe agogo ake ankati kunali chigayo cha madzi.

Wanu,
Mmalawi wa ku Perth, Scotland