Kodi mzimu wa agogo ungayezedwe pa sikelo?

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo chifuwa chija chinatha. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwatentha zedi.

Tsiku lija tikuchokera kumanda unandikoka chitenje n'kundifunsa kuti, "Mayi aang'ono, inu mumayeza ana kusikelo. Nanga mzimu wa agogo ungalemere bwanji?" Sindinakuyankhe chifukwa misozi inali itanditseka pakhosi. Koma sindinaiwale ayi. Uwapemphe amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono.

Funso limenelo linavutitsaponso munthu wamkulu wandevu. Ku America, m'tauni ya Haverhill, kunali dokotala wina dzina lake Duncan MacDougall. Iyeyu anapanga bedi lokhala pamwamba pa sikelo yaikulu, n'kugonekapo anthu asanu ndi mmodzi odwala mwakayakaya, mmodzimmodzi, kuti aone ngati munthu amapepuka akangotsirizika. Mu 1907 analengeza kuti mmodzi mwa anthuwo anapepuka ndi magalamu 21. Ameneŵa ndi ochepa kwambiri, ngati shuga wa timasupuni tisanu ta tiyi. Anthu anadzidzimuka, amvekere mzimu wapezeka! Koma pa odwala enawo sikelo inanena zosiyanasiyana, ndipo awiri iye mwini sanawawerengere n'komwe. Anayezanso agalu 15, osaona kusintha kulikonse, basi n'kunena kuti agalu alibe mzimu. Madokotala anzake sanakhutire nazo, ndipo inenso sindikhutira. Ndimayeza makanda sabata iliyonse. Khanda likangoponya kamwendo, muvi wa sikelo umavina. Munthu mmodzi yekha sangatiuze za anthu onse.

Zimene ife akuchipatala timazidziwa bwino ndi za thupi. Ika dzanja pachifuwa pako. Ukumva kugunda? Mtima wakowo umagunda koposa ka 100,000 tsiku lililonse, kutumiza magazi m'thupi monse, ndipo magaziwo amanyamula mpweya umene wapuma. M'mutu mwako muli ubongo, umene uli ndi timaselo tating'onoting'ono pafupifupi 86 biliyoni totumizirana mauthenga. Nthano ya Kalulu ndi Fisi imene agogo ankakusimbira mukukazinga chimanga ikusungidwa mmenemo. Mtima ukaima osayambanso, ubongo umasowa mpweya n'kuzima. Ndi zimene zinachitikira thupi la agogo. N'chifukwa chake usamade nkhawa usiku kukagwa mvula. Thupi lawo silikumva kuzizira, silikumva njala, ndipo mwendo uja unkawapweteka suwapwetekanso.

Makina athu amalekezera pamenepo. Tili ndi ojambula mafupa, tili ndi omvetsera mtima, koma ojambula mzimu palibe chipatala chimene chili nawo.

Ku Sande sukulu munaphunzira kuti Mulungu anaumba munthu ndi dothi, n'kumuuzira mpweya wa moyo m'mphuno. Nkhaniyi ili pa Genesis 2:7. M'Chiheberi, chinenero chimene Chipangano Chakale chinalembedwamo, mawu oti "ruach" amatanthauza mzimu, amatanthauzanso mphepo. Ine zimenezi zimandisangalatsa. Mphepo sunaionepo ndi maso, koma umaona masamba a nthochi akugwedezeka. Mnzako uja amapita ku madrasa ukamufunse, akakuuza kuti iwo amati "ruh". M'Kurani muli ndime yonena kuti anthu atafunsa Mtumiki Muhammad za ruh, yankho linali lakuti imeneyo ndi nkhani ya Mulungu, ndipo anthu anangopatsidwa nzeru zochepa chabe. Makolo athu akale nawo ankati munthu akamwalira mzimu wake supita kutali, umayang'anira ana ndi zidzukulu, ndipo ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo wa msolo polankhula nayo mizimuyo. Agogo ako anali mayi wa Mvano weniweni, osajomba Lamulungu, komabe akalota amayi awo ankadzuka akumwetulira, amvekere, "Anabwera kudzandiona usiku."

Ukandifunsa ineyo zimene ndimakhulupirira, ndikuuza kuti agogo ali kwa Mulungu ndipo ali bwino. Zimenezi sindinaziyeze pa sikelo, ndipo sindingakunamize kuti ndinaziyeza. Ndimazikhulupirira basi. Ukadzakula udzakumana ndi anthu ophunzira amene amati munthu ndi thupi ndi ubongo wake, palibenso china, udzakumananso ndi ena ophunzira chimodzimodzi amene amagwada n'kupemphera. Onsewo ndimagwira nawo ntchito, ndipo timamwera limodzi tiyi.

Za agalu zija, ine sindikuvomereza. Galu wa agogo anakana nsima masiku awiri maliro atachitika, ndinamuona ndi maso angawa. Uzimupatsa madzi, uzimuchotsanso nkhupakupa.

Ndibwera pa Khirisimasi. Ndidzabweretsa kasikelo kanga kakukhitchini kuti tidzayeze timasupuni tisanu ta shuga, uone wekha mmene magalamu 21 amapepukira. Tikatha tidzathira m'phala. Upereke moni kwa amayi, abambo ndi achimwene ako.

Ndine,
Mayi ako aang'ono