Kalata kwa Tadala

Area 23, Lilongwe

Tadala mwana wanga,

Azakhali ako andionetsa chithunzi chako pa foni, utanyamula chikwangwani, anzako ali m'mbuyo mwako. Akuti ndiwe ukutsogolera zodzudzula tsankho kukolejiko. Nkhani yotereyi ndikamvere kwa anthu, ine mayi ako ndilipo? Wandikhumudwitsa.

Zimene ukunenazo sindikuzikana ayi. N'zoona kuti mwana wochokera kusekondale yoyendera yakumudzi amasekedwa akalankhula Chingerezi, ndipo wina amagona ndi njala podikira ngongole ya boma anzake akutaya chakudya. N'zoonanso kuti pali atsikana amene amaopsezedwa kuti sakhoza mayeso akakana zofuna za mphunzitsi. Za mitunduzi ndiye usachite kundiuza. Mu 1989, boma la Kamuzu litalamula kuti aphunzitsi akumpoto abwerere kwawo, aphunzitsi athu a masamu anakweza katundu wawo mulole, ana awo akulira, ife tili chilili. Munthu wabwino uja analakwa chiyani? Ndondomeko ya quota, yosankhira ana kuyunivesite potengera kumene akuchokera, anaithetsa mu 2020, koma mpaka lero munthu asanadziwe dzina lako amayamba wafunsa kuti kwanu n'kuti. Mtima wosafuna kuona wina akuponderezedwawu unatengera malemu bambo ako, ndipo ndimakunyadira nawo.

Koma tulo sindikuona, Tadala. Robert Chasowa anali wophunzira ngati iwe, ku Polytechnic ku Blantyre, wolankhula mosaopa. Mu Seputembala 2011 anamupeza atafa pasukulu pomwepo. Apolisi anati wadzipha, koma komiti yofufuza mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Unali wamng'ono, sungakumbuke mmene ndinalirira poganizira mayi ake. Ine ndinatumiza mwana kusukulu kuti abwere ndi digiri, osati m'bokosi.

Choncho usamayende wekha usiku. Ukamapita ndi dandaulo kwa akuluakulu a sukulu, lilembedwe, musainire ambiri, ndipo mupite pagulu. Mutu umodzi susenza denga. Ena amene akukuombera m'manja lero, zikadzavuta adzakukana kuti sakudziwa. Mtsikana akakuuza zimene zamuchitikira, usaike dzina lake pa Facebook, akaziwerenga ndi makolo ake, ndipo manyazi adzagwera iye. Ndipo anthu achipani akabwera ndi ndalama kapena ma T-shirt, kana, ngakhale akhale achipani chimene ndimavotera ine. Amenewo sakufuna za anzako osaukawo, akufuna pakamwa pako.

Nanga mabuku ukuwerenga nthawi yanji? Fizi imeneyi ikuchokera pa benchi langa la tomato, usaiwale. Akakuchotsa sukulu, amene ukuwalankhulirawo adzatsala opanda wowalankhulira.

Ndanena kale koma ndibwereza: usiku usamayende wekha, ngakhale pochokera kulaibulale. Ya lendi nditumiza pa Mpamba Lachisanu. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi undiimbire, undiuze bwinobwino kuti anzako amene ukuyenda nawowo ndi ana a yani.

Ndine mayi ako.