Ntchito ya katswiri wa phewa iyezedwe ndi odwala ochira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mmene timayezera ntchito ya akatswiri ofufuza za matenda, chifukwa masiku ano munthu wophunzira akamatamandidwa timangouzidwa kuchuluka kwa mapepala amene walemba ndi kangati anzake amutchula m'mapepala awo, koma sitimva ngati pali wodwala amene akuthandizidwa mosiyana ndi kale chifukwa cha zimene iye anapeza. Chitsanzo changa ndi dokotala wa mafupa wa ku America, Charles Neer, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Columbia mu mzinda wa New York ndipo anamwalira mu 2011.

Anthu ambiri salabadira phewa kufikira tsiku limene lavulala. Mayi amene wathyoka fupa la mkono pafupi ndi phewa sangathe kudzisenzetsa ndowa ya madzi, sangakweze musi kapena khasu, ndipo usiku akangotembenukira mbali yovulalayo tulo timathera pomwepo. Mu 1970 Neer anafalitsa njira yosiyanitsira mathyokedwe a fupa limeneli. Anagawa kumtunda kwa fupalo m'zigawo zinayi, nanena kuti chigawo chiziwerengedwa kuti chasuntha pokhapokha chitatalikirana ndi chinzake kupitirira sentimita 1 kapena chitapendekeka kupitirira madigiri 45. Njirayi ili ndi zofooka zake, pakuti madokotala awiri akhoza kuyang'ana chithunzi chimodzi cha ekisire n'kusiyana maganizo, komabe mpaka lero ndiyo imene ambiri amagwiritsa ntchito pomvana kukula kwa ngozi asanaganize zochita.

Mu 1972 Neer anabweretsa ganizo lina lomwe linafalikira kwambiri. Iye anati mapewa ambiri amapweteka chifukwa mitsempha yokweza mkono imakhulana ndi fupa lomwe lili pamwamba pake, choncho mankhwala ake ndi kupala pang'ono kunsi kwa fupalo kuti mpata ukule. Patapita zaka, opaleshoniyi inayamba kuchitidwa kudzera pa timabowo ting'onoting'ono mothandizidwa ndi kamera, ndipo inakhala imodzi mwa maopaleshoni a phewa ochitidwa kawirikawiri m'mayiko olemera. Kenaka akatswiri a ku Oxford anaiyesa pa odwala 313, zotsatira zake n'kutuluka mu magazini ya The Lancet mu 2018. Gulu lina anapalidwa fupa, gulu lina anangolowetsedwa kamera popanda kupala chilichonse, ndipo gulu lachitatu silinachitidwe opaleshoni. Magulu awiri oyambawo anachira mofanana, ndipo kusiyana kwawo ndi gulu lachitatu kunali kochepa kwambiri.

Ena anganene kuti apa Neer anachititsidwa manyazi, koma ine sindikuona choncho. Ganizo lake anali atalilemba momveka bwino kotero kuti ena anatha kuliyesa, ndipo katswiri amene zonena zake sizingayesedwe ndiye amene tiyenera kumukayikira. Chimene chinalakwika n'chakuti opaleshoniyi inafalikira zaka zambiri popanda kuyesedwa mokwanira, pomwe mapepala otchula dzina la Neer ankangochuluka. Wowerenga mapepala okha sakanadziwa kuti njira ya 1970 ndi ganizo la 1972 sizinapindulire odwala mofanana.

Kalelo Neer asanatchuke, dokotala wina wa phewa wa ku Boston, Ernest Codman, yemwe anamwalira mu 1940, ankaumirira kuti chipatala chizitsatira wodwala aliyense ngakhale patatha chaka, n'kulemba pa khadi ngati anachiradi, ndipo ngati sanachire, chifukwa chake. Anzake anadana naye chifukwa cha zimenezi. Ndi yemweyo amene anaphunzitsa mafizo osavuta aja, oti wodwala awerame atatsamira tebulo ndi dzanja labwino, mkono wovulala ulendewere, n'kumauzunguza pang'onopang'ono kuti phewa lisaume.

Nkhaniyi imatikhudza kuno kwathu. Ngozi za njinga zamoto za kabaza zikubweretsa m'zipatala anthu ambiri ogwera pa phewa, ndipo m'zipatala za m'maboma amene amawalandira kawirikawiri ndi ma clinical officer a mafupa, omwe maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 1985 chifukwa cha kuchepa kwa madokotala a opaleshoni. Wodwala akauzidwa kuti mkono wake aukoleka pa nsalu n'kumabwera ku mafizo, achibale amadandaula kuti walandira chithandizo cha osauka. Komatu mu 2015 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa ProFHER, pa odwala 250 othyoka fupa pafupi ndi phewa, anapeza kuti patatha zaka ziwiri ochitidwa opaleshoni ndi okolekedwa mkono anali atachira mofanana. Izi sizikutanthauza kuti opaleshoni ilibe ntchito, pakuti fupa lotulukira kunja kwa khungu kapena phewa loti lathyoka n'kuguluka pamodzi lifunika mpeni msanga. Tiyeneranso kukumbukira kuti ambiri mwa odwala a ku Britain aja anali achikulire, pomwe ovulala athu ambiri ndi anyamata odya za thukuta lawo, amene mkono ukalephera kukwera banja lonse limagona ndi njala.

N'chifukwa chake ndikupempha Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) kuti alimbikitse kalembera wa ovulala phewa m'zipatala za m'maboma, wolemba mtundu wa kuthyoka, chithandizo chimene chinaperekedwa, ndiponso ngati munthuyo anabwerera ku munda kapena pa njinga yake patatha chaka. Ndipo inu a nyuzipepala, pamene mukulemba za katswiri wathu wa mafupa amene wakwezedwa kukhala pulofesa, muzimufunsanso kuti odwala ake amawatsatira kwa nthawi yaitali bwanji akatuluka m'chipatala.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Zomba