Malipiro a pa ola akudanitsa amisiri ndi eni nyumba

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndidandaule za amisiri ena kuno ku Mzuzu amene ayamba kulipiritsa pa ola m'malo motchula mtengo wa ntchito yonse.

Mwezi watha ndinaitana pulambala kuti adzasinthe mpope wa madzi umene unaphulika panja pa nyumba yanga ku Chibavi. Ndinavomera zolipira pa ola poganiza kuti ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Bamboyo anafika cha m'ma 9 koloko, nakumba pang'ono, n'kunena kuti akukagula zipangizo m'tauni. Anabwerako dzuwa litapendeka. M'mawa mwake kunagwa mvula, ndipo mukuidziwa mvula ya kuno, ikayamba siikata msanga. Anakhala pakhonde mpaka masana, nsima ndinamuphikira ndine.

Pomaliza anandiwerengera maola 14, kuphatikizapo a m'tauni ndi a pakhonde aja. Anawonjezanso malipiro a mnyamata womuthandiza amene sanamutchule pokambirana. Tinakangana mpaka aneba anatuluka m'nyumba.

Sindikukana kuti mmisiri adye thukuta lake, nayenso ali ndi ana. Koma ola limene fosholo ili pansi ndilipire chifukwa chiyani? Amisiri athu, nenani poyambirira ngati nthawi yokagula zipangizo ndi yodikira mvula ikuwerengedwa, ndiponso mubwera angati. Ine tsopano ndagula kope. Wobwera kudzagwira ntchito pakhomo panga azilemba nthawi yoyambira ndi yowerukira, tonse n'kusainira, ndipo malisiti a zipangizo azindisiyira.

Mayi wodandaula,
Chibavi, Mzuzu