Chilengezo kwa eni mafulati: msonkhano wa Loweruka

Eni mafulati nonse a pa mdadada wathu kuno ku Dedza boma,

Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko masana, panja pafupi ndi thanki ya madzi.

Nkhani yayikulu ndi denga. Mvula yayandikira, koma malata a pamwamba pa masitepe akudontha. Denga, masitepe, thanki ndi dzenje la zimbudzi ndi za tonse, choncho okhala pansi musanene kuti kudonthaku sikukukhudzani. Madzi akalowa m'khoma amatsikira kwa inu komweko.

Fulati iliyonse ibweretse:
- K15,000 ya malata, misomali ndi mmisiri
- K5,000 ya malipiro a mlonda ndi mayunitsi a ESCOM a magetsi a pakhonde
- lisiti yosonyeza kuti mwalipira gawo lanu la bilu ya madzi

Tikambirananso za mbaula. Kuzizira kwa kuno tonse tikukudziwa, koma kuyatsira makala pamasitepe kuthe.

Amene muli ndi anthu ochita lendi m'mafulati anu, bwerani nokha, musawatume. Oponya voti ndi eni nyumba basi.

Otumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani kwa msungichuma. Yankhani pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera.

Mlembi wa komiti